Phula la a Yosiya pa Mimba ya Ndege

Ana a dzana akuuzani kuti ku Feira sikunakhaleko ndege, ndipo mukawatsutsa amakulozerani tchire la minga kuseri kwa boma, mmene mbuzi zimaswera lero, n'kukufunsani kuti ndege ingatere pati pamenepo. Musalimbane nawo. Ndege inalipo, yaing'ono, yoyera ndi mzere wobiriwira m'mbali, ya bungwe lina lachifundo limene linkanyamula madokotala ndi odwala. Zinali zaka zija nkhondo ya kutsidya kwa Zambezi itangozirala, pa zikwangwani atalemba kale kuti Luangwa koma pakamwa pa anthu pakadali Feira. Ikangomveka kuchokera kumapiri, amayi ankasiya nsomba pathandala, aphunzitsi ankalephera kugwira ana, ngakhale wapolisi ankavula chipewa n'kuyang'ana kumwamba ngati wina aliyense.

Mlonda wa bwalo la ndegeyo anali a Yosiya, munthu wa ku Kavalamanja. Ulonda unangowapeza ukulu, ntchito yawo yobadwa nayo inali yosema ndi kumata mabwato. Asodzi onse a mitsinje iwiri ya Zambezi ndi Luangwa ankadziwa kuti bwato limene ladutsa m'manja mwa a Yosiya silidontha. Ankasakaniza phula la njuchi ndi utomoni, n'kutsendera kansanza m'ming'alu, n'kusalaza ndi chala chachikulu mpaka iwe mwini bwato kuiwala pamene panali bowo. Vuto lawo linali limodzi: akaona bowo, mtima sunkakhala pansi. Ankamata ndowa za anthu osawapempha. Tsiku lina anamata mphika wa mayi wina umene mwini wake anauboola dala kuti azitchezera chidulo, ndipo mayiyo anawatukwana mpaka mbumba yawo yonse.

Ndegeyo ankaikonda mopitirira. Ikatera, ankaizungulira ndi nsanza, kuipukuta fumbi, kuthamangitsa mbuzi ndi ana. Akafika kunyumba nkhani inali yomweyo, moti akazi awo, a Philomena, anaipatsa ndegeyo dzina. Awiriwa ankaitanana ndi dzina la mwana wawo woyamba, Doris, amene anakwatiwa ku Katondwe.

"Awisi Doris, lero mwamusambika mkazi munzanga?" a Philomena ankafunsa.

"Namupukuta chabe fumbi."

"Ine zaka zonse izi simunanipukuteko fumbi olo kamodzi."

Mkazi mnzawoyo a Philomena anali asanamuonepo. Maso awo anachita ng'ala pang'onopang'ono, loyamba lakumanzere, kenako linalo, mpaka dziko linatsala mbuu ngati utsi wa lupsa. Ankadziwa kuti kwacha, ankadziwa kuti pakhomo paima munthu, basi. Nsomba ankatumbulabe bwinobwino, chifukwa manja saiwala, koma nkhope ya amuna awo anali ataiwala mmene inkaonekera. A Yosiya zinkawapweteka kwambiri, ngakhale sankanena.

Chaka chimene ndikunenachi, mvula yoyamba inagwa ndege ili pansi. Woyendetsa wake, mnyamata wamtali dzina lake Langford, anali atabweretsa mankhwala, ndipo asanatsitse n'komwe makatoni onse kumwamba kunatseguka. Bwalo linasanduka phala, matayala anatitimira. Langford anadikira kuti kuume, koma mvula ikakuona litsiro sikata. Anamangirira mapiko ku zikhomo ndi zingwe, nakwera lole yomaliza kutuluka milatho ya pamsewu isanakokoloke. Potsanzika anagwira a Yosiya paphewa n'kunena kuti, "Muisunge bwino, amdala. Mvula isaiwononge."

Mawu amenewa akanauza munthu wina, akanangovomera n'kukakhala pamthunzi. Koma anauza a Yosiya. Iwo anayamba kuizonda ndegeyo mmene ankazondera bwato, kuyambira kumphuno mpaka kumchira, kenako anagona chagada m'matope n'kulowa pansi pake. Zimene anaona kumeneko zinawaimitsa mutu. Pamimba ponse panali timabowo, tondondozana mpaka kunsonga ya mchira, tina m'munsi mwa mapiko, kena kakang'ono ngati diso la singano m'mbali pafupi ndi chitseko. Anapukusa mutu. Anthu anzeru zopanga chinthu chouluka, n'kulephera kutseka mabowo? Anapita kunyumba kukatenga chitini chawo cha phula.

Ntchito imene anagwira pamenepo inali yokongola, ndisaname. Bowo lililonse analitsendera, kulisalaza, n'kupakapo njereza imene ankapakira miyala ya m'mbali mwa bwalo, kuti phula lisadetse mimba yoyera ija. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma a Yosiya akanafunsa yani? M'Feira monse munalibe munthu wodziwa ndegeyo kuposa iwo. Dzinja lonse mvula inakhuthuka, iwo ali mtima phee, podziwa kuti mkazi mnzake wa a Philomena sakulowa madzi.

Mvula ili pafupi kutha, anesi a pachipatala cha paboma anabwera ndi uthenga umene unadza pa wayilesi. Ku Lusaka kunafika madokotala a maso ochokera kunja, ochotsa ng'ala, ndipo ankakhala mpaka kutha kwa mwezi. Dzina la a Philomena linali m'gulu la oitanidwa. Anesiwo anafotokoza kuti madokotalawo sachita maso onse pamodzi: amayamba limodzi, lipole kaye, ndiye linalo. Wofika msanga amabwerako ndi maso awiri. Msewu unali udakali wodukaduka, koma bwalo linali litayamba kuuma, ndipo Langford anatumiza mawu akuti mpando wa mayiwo ulipo.

Langford anabweradi, pa bwato la ogula nsomba lotsika ndi madzi kuchokera ku mlatho waukulu wa Luangwa. Sanabwere yekha. Anali ndi bambo wina wamfupi, wa ovolosi yabuluu, atakumbatira bokosi la zitsulo ngati mwana wodwala. Ameneyu anali Boyd, injiniya wa ndege. A Yosiya ankayembekeza kuti Langford angokwera n'kuliza injini, koma mnyamatayo anakakhala pansi pa phiko n'kuyamba kusenda nzimbe. Amene anavula wotchi n'kupinda manja a ovolosi anali Boyd.

"Ba mudala, iyi ndeke siingauluke manje," Boyd anawauza. "Nthawi yake yopimiwa inapitilira ikali muno mumatika, mumatope umu. Lamulo ikamba kuti chaka chilichonse, na ikakwanisa maawazi yake, maola youluka mumwamba, tifunika kuisegula yonse, kuona vonse, ndiye nisaine. Ngati sininasaine, Langford sangaigwire."

"Lomba yalema na chinji?" a Yosiya anafunsa. "Dzinja yonse yangokhala. Siinagwire ntchito olo tsiku limodzi."

"Yokhala chabe ndiye imaniyofya maningi."

A Yosiya anaona ngati akuwachedwetsa dala. Ndege inali kung'anima, matayala atawapukuta, magalasi ali mbee. Anamufotokozera Boyd za a Philomena, za madokotala, za mwezi umene unali kutha. Anamupempha kuti ayang'ane pamwamba pokha, asaine, ndipo zotsegulazo akachitire ku Lusaka mayi atafika. Boyd anamvetsera mpaka kumapeto, osawadula, chifukwa anali munthu woleredwa. Kenako ananena kuti akagwira ntchito mofulumira, osapuma masana, ndege inyamuka nthawi ikadalipo, koma sadumpha chinthu ngakhale chimodzi. Anawapatsa mbale kuti azisungiramo tizitsulo tomangira timene ankamasula.

Anayamba ndi injini. Anavundukula chivundikiro chake, nachotsamo chisa cha mbalame, nakhetsa mafuta akuda, nasuzumira ndi tochi ndi kagalasi kapamtengo m'malo mmene diso silifika. Pulopela anaisisita ndi chikhatho m'mphepete monse, kufuna pamene mwala unaluma. Petulo anamuthira m'kabotolo n'kumuyang'anitsa padzuwa. A Yosiya, ngakhale mtima unali m'mwamba, anayamba kumukonda munthuyu. Ankagwira chitsulo mmene iwo ankagwirira mtengo, kumvetsera ndi zala. Injini inapezeka kuti ili bwino, ndipo madzulo a tsikulo a Yosiya anauza akazi awo kuti alongedze.

M'mawa mwake Boyd akuyenda m'mbali mwa ndege anaima pafupi ndi chitseko. Anakanda ndi chikhadabo, njereza inagwa, n'kutuluka kanthu kachikasu. Anakanunkhiza.

"Uyu ni uchi?"

"Ni phula," anatero a Yosiya, chifuwa chili patsogolo. "Ndine n'namata. Panali kabowo."

Boyd anaseka mpaka kugwira bondo, Langford nayenso anabwera kudzaona. Anawafotokozera kuti kabowo kameneko n'kadala, ndi kamene ndege imamvera mphepo kuti woyendetsa adziwe kuti ali pamwamba bwanji ndipo akuthamanga bwanji. Anati palibe kanthu, akatsuka, ndi ntchito yaing'ono. Akupukuta misozi ya kusekako anafunsa ngati pali pena pamene anamata.

"Ponse," anatero a Yosiya. "Kumimba konse mpaka kumchira. Palibe n'nasiya."

Kuseka kunathera pomwepo. Boyd anagona chagada n'kulowa pansi pa ndege, ndipo anafufuza nthawi ndithu asanapeze bowo loyamba, chifukwa mmisiri anali atasalaza zedi. Atalipeza analibaya ndi kawaya. Munatuluka madzi. Sanali madontho ayi, unali mkodzo wa ng'ombe, wofiirira, wonunkha ngati chithaphwi. Anabaya lachiwiri, lachitatu, kulowera kumchira, ndipo lililonse linkatulutsa madzi ofiira kuposa linzake, mpaka pansi pa ndege panachita matope. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Boyd anatuluka ovolosi ili chonyowa. Sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanakhala bwino. Analankhula motsitsa mawu kuti ndege si bwato. Bwato madzi amalowera pansi, ndiye umatseka pansi. Ndege madzi amalowera pamwamba, m'mphepete mwa zitseko ndi magalasi ndi m'malumikizo a mchira, ndipo palibe amene angawaletse. Timabowo tapansito ndi njira yawo yotulukira. A Yosiya anamva bwinobwino, chifukwa nkhani ya madzi sinali yachilendo kwa iwo. Dzinja lonse anali atasunga mvula m'mimba mwa ndege.

Chiyembekezo chinali chidakalipo pang'ono. Mwina kungoumitsa basi. Boyd anamasula tizitseko tonse ta pansi ndi ta kumchira, a Yosiya akulandira tizitsulo m'mbale ija. M'katimo munkadutsa zingwe za waya zochokera ku chiwongolero kupita kumchira. Boyd anakulunga kansalu koyera pa chingwe chimodzi n'kukakoka pang'onopang'ono motsatira chingwecho. Kansaluko kanayenda, kanayenda, kenako kanakodwa. Atakatulutsa kanali kofiira ndi dzimbiri, ulusi uli nyankhalala.

"Ulendo umodzi chabe, a injiniya," a Yosiya anatero. Manyazi anali atawathera. "Ikamutule ku Lusaka, basi. Olo isabwerere."

Boyd anagwada pansi pa mchira. Anamasula chingwecho, nachisolola, nachiika m'manja mwawo, n'kuwauza kuti achipinde pamene panali pofiirapo. A Yosiya anapinda pang'ono. Timawaya tinayamba kuthetheka kamodzikamodzi ngati udzu wouma.

"Iyi ndiye imakweza na kutsitsa ndeke," anatero Boyd. "Ikaduka mumwamba, kulibe pokokera mumbali kuti tikonze. Amai banu niwafunira maso, ba mudala, koma siningabakwezeke umu."

 Zingwe zatsopano zinali ku Lusaka, ndipo dzimbiri linali litalowanso m'nthiti za mchira. A Yosiya anaika mbale ija pansi bwinobwino kuti tizitsulo tisatayike, nauyamba wa kunyumba. Kanjira kameneko ankakayenda tsiku ndi tsiku, koma tsiku limenelo kanatalika. Chisoni chimene anali nacho chinali cha munthu amene walakwa ndi manja ake abwino, pa ntchito yomwe ankaidziwa kuposa ina iliyonse.

Anapeza a Philomena atakhala pakhonde, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, kathumba kali pamwendo. Mayiwo anamva mapazi okha n'kudziwa.

"Mkazi munzanga wakana?"

A Yosiya anakhala pansi n'kufotokoza zonse, osabisa phula, osabisa njereza. A Philomena anatembenuzira maso oyerawo kumtsinje. Kenako anafunsa ngati mwadiya wawo, bwato lija ankasungira pa gombe la kumsika, unali wabwino.

"Uli bwino. Koma madzi ni ambiri, anyina Doris. Kukwera Luangwa nthawi ino mpaka ku bulichi, ku mlatho kuja, ni nkhondo."

"Ndiye mukhalira chinji pansi? Uko kumadzi phula yanu ili na ntchito."

Ananyamuka m'mawa mwake. Langford anatsala kulondera ndege, mlonda n'kukhala woyenda ulendo. Boyd, amene ankafunika kukanena za zingwe ku Lusaka, anakwera nawo. Asanakwere analizungulira bwatolo, kuligogoda, kusuzumira pansi pake, chifukwa chizolowezi sichisankha chombo. Atamaliza ananena kuti ili lokha angasaine ndi maso otseka, n'kupempha nkhafi yachiwiri.

Za ulendo umenewo a Philomena ankazisimba mpaka ukalamba wawo, ndipo ankazisimba ngati za ukwati. Ankayenda chokwawa m'mphepete, kugwira mabango pamene madzi akana nkhafi, kulambalala mvuu, kugona m'misasa ya asodzi amene ankawapatsa nsomba zowamba atamva kumene akupita. Manja a Boyd anatuluka matuza tsiku loyamba lomwe, matuzawo n'kuphulika, iye n'kumanga nsanza n'kumapalasabe. A Yosiya anali kumbuyo. Ankapalasa ngati munthu amene akuthawa moto, ndipo dzuwa likapendeka ankaliyang'ana mwaukali. A Philomena anakhala pakati atagwira chikho chokapira madzi, ndipo ulendo wonsewo sanakape ngakhale kamodzi. Ankati akamva mbalame, amuna awo aziwauza mtundu wake, ndipo anali asanacheze choncho chikwatiranire.

Mtsinje sumva kuti munthu ali pachangu. Pofika pa mlatho n'kupeza basi, n'kukalowa mu Lusaka, mwezi unali utatsala nyenyeswa. Madokotala anali atayamba kulongedza. Boyd anathamanga uku ndi uku ndi manja ake omanga nsanza mpaka madokotalawo anawalandira a Philomena, koma nthawi inalola diso limodzi lokha, lakumanja. Linalo anati adzachita akadzabweranso. Sanabwerenso, ndipo ndege imene ikanawatengera odwala kwina sinaulukenso.

Atachotsa thonje, chinthu choyamba chimene a Philomena anaona chinali nkhalamba ina yoonda itaima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja. Anaiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku zikhatho zong'ambika zija.

"Ndimwe awisi Doris? Imvi zonse izi munazitenga liti osaniuza?"

Anabwerera msewu utatseguka, pa lole ya chimanga. A Philomena sanafune kuyamba kunyumba. Anati awatengere kubwalo, akaone amene ankawalanda mwamuna zaka zonsezi. Anaipeza ili pomwe paja, tizitseko ta kumchira tili pululu, mizere ya dzimbiri itatsika pa mimba yoyera ija. Uthenga unali utafika kale kuti chilimwe kudzabwera lole, adzaichotsa mapiko n'kuitenga. A Philomena anaizungulira pang'onopang'ono, mutu atapendeketsa kuti diso labwinolo lione. Anati ndi wokongoladi, sakuwadzudzula amuna awo. Kenako anawerama n'kusuzumira pansi, pamene timabowo tina tinali tidakali ndi mkombero wachikasu.

A Yosiya anaima patali. Chichokereni ku Lusaka ankalephera kuwayang'ana akazi awo kumaso, chifukwa pambali pa diso lowala lija panali linzake, loyera, lotsekeka, ndipo akaliona ankaona chala chawo chachikulu chikusalaza phula. Tsiku limenelo anayesa kunena. Anayamba ndi kuti, "Anyina Doris, diso lanu ilo, ndine..." koma anathawitsa nkhope osamaliza.

A Philomena anaweramuka, nasasa fumbi pa chitenje, nabwera kudzaima pamaso pawo penipeni kuti asathawitsenso nkhope.

"Niyang'aneni," anatero. "Ili lakumanja ananisegulira adokotala, munthu wamene sinimudziwa na dzina yake. Ili linangu munamata ndimwe. Nizalisunga tero. Pa vonse vamene munamata pa Feira pano, ine nekha ndiye n'nalibe kanthu kanu."

A Yosiya analira pamenepo, masana dzuwa lili pamutu, mbuzi zikuwayang'ana. Akazi awo anawalanda nsanza ija inkakhala m'thumba la malaya, yopukutira ndege, n'kuwapukuta nayo kumaso.